Foni ikadzaza tisathamangire kukaifulasha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma imene yaliritsa munthu m'banja mwathu kuno ku Mangochi, ndipo sindikukayika kuti ikuliritsanso ena mwakachetechete m'makomo mwawo. Nkhaniyi ndi ya mafoni amakono, amene timawatcha a tachi, ndi zimene timachita akatiuza kuti malo osungiramo zinthu atha. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale, osati katswiri wa makompyuta, ndipo zimene ndikulembazi ndaziphunzira mochedwa, madzi atatayika kale.

Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, amachita geni ya usipa. Amakapikula kwa asodzi ku Makawa, nthawi zina mpaka ku Msaka kufupi ndi Chembe, n'kuuanika pathandala, kenako n'kutumiza matumba kwa makasitomala awo ku Limbe ndi ku Lilongwe. Amuna awo, monga amuna ambiri a m'boma lino, anapita kukafuna ntchito ku Johannesburg, ndipo foni ya tachi yoyamba m'nyumba imeneyo inabwera pa basi kuchokera komweko, itakulungidwa m'bulangete. Alamu angawo sankakonda kulemba. Ankakonda kujambula mawu pa WhatsApp, ndipo pafupifupi madzulo aliwonse kwa zaka zitatu ankatumiza uthenga wofunsa za ana, za mtengo wa malata, kapena ngati mwera waleka kuti asodzi alowenso panyanja. Atamwalira konko, thupi lawo n'kubwera kudzaikidwa kumudzi, mawu amenewo anatsala m'foni, ndipo achemwali ankawamvetsera usiku ana akagona. M'foni momwemo munalinso buku lawo la ngongole, ngati tingalitche choncho, chifukwa makasitomala ankalemba momwemo kuti alandira matumba angati ndiponso kuti ndalama adzatumiza liti, ndipo geni ya nsomba imayenda pa mawu okhulupirirana ngati amenewo.

Tsiku lina foni ija inayamba kuvuta. Kamera inakana kujambula, WhatsApp inayamba kutsekeka yokha, ndipo pamwamba pa galasi panakhazikika uthenga wa m'Chingerezi woti Storage space running out, umene achemwali sakanatha kuumasulira. Anaitengera kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika, amene anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Mayi, foni yanuyi yalowa vayirasi, koma ndikaifulasha ikhala ngati yatsopano." Iwo anavomera, analipira, ndipo ola lisanathe anailandira ikuthamanga ngati yogula kumene. Madzulo ake anafika kunyumba kwanga nkhope ili yakugwa, nati, "Achimwene, tandionereni foniyi, mawu a bambo a ana aja sindikuwapeza." Ndinafufuza paliponse pamene ndinkadziwa, koma munalibe kanthu: mawu, zithunzi za ana ali makanda, mauthenga a ngongole, zonse zinali zitapita pamodzi ndi zinyalala zimene zinadzaza foniyo.

Sindikufuna kumusenzetsa mlandu wonse mnyamatayo, pakuti anachita chimene amadziwa kuti chimaonetsa kusintha msanga, kasitomala n'kuchoka akumwetulira. Koma zoona zake n'zakuti foni ija inalibe matenda alionse. Inangodzaza, monga bwato limene lapakira mopitirira muyezo, ndipo bwato lotere timalitsitsa katundu wosafunika, sitilitembenuza ndi anthu omwe. Chimene kuno timachitcha kufulasha, kaya ndi kuikamonso pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni kapena kungoibwezeretsa mmene inachokera kufakitale, mathero ake ndi amodzi: chilichonse chimene mwini wake anasunga m'kati mwa foniyo chimafufutika. Amenewa ndi mankhwala otsiriza, oyenera foni imene yakana njira zina zonse, koma m'misika yathu asanduka mankhwala oyamba, operekedwa kwa aliyense wobwera ndi dandaulo lililonse.

Ena adzafunsa kuti, kodi WhatsApp sisunga mauthenga ku intaneti? Ikhoza kusunga ndithu, ngati mwini wake anaiuza kutero, ndipo pa mafoni a Android imakasunga ku akaunti ya Google. Apa ndi pamene pali bala lina limene ambiri tili nalo osadziwa. Akaunti ya achemwali anawatsegulira munthu wina tsiku limene foni inafika, n'cholinga chongofuna kutsitsa WhatsApp pa Play Store. Iwo sanauzidwe dzina la akauntiyo ngakhale pasiwedi yake, ndipo wotsegulayo anaiwala kalekale. Wokonza uja atamaliza kufulasha anangowatsegulira ina yatsopano. Choncho ngakhale zikanakhala kuti mawu aja anasungidwa kwinakwake, kiyi wa nyumbayo analibe. Ndafunsapo aphunzitsi anzanga ndi makolo ena a ana amene ndimaphunzitsa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona kuti ambiri sadziwa n'komwe kuti foni yawo ili ndi akaunti. Komanso kuyambira pa Android 5.1, imene inatuluka mu 2015, foni imene yabwezeretsedwa mokakamiza imayamba yafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale isanalole munthu kuigwiritsa ntchito. Cholinga chake n'kulepheretsa akuba, koma mwini wake woiwala pasiwedi amatsekeredwa kunja chimodzimodzi. Chinthu choyamba chimene ndikupempha aliyense wowerenga kalatayi ndi chimenechi, ndipo sichifuna bandulo: dziwani dzina la akaunti yanu ndi pasiwedi yake, muzilembe papepala, n'kulisunga kumene mumasunga mapepala a malo ndi masatifiketi.

Kusamvetsa kwathu kumayambira tsiku logula. Pabokosi la Tecno, Itel, Infinix kapena Samsung pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 2 GB ndi 32 GB. Nambala yaing'onoyo ndi ya RAM, imene ndingaiyerekeze ndi thandala, malo amene foni imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo n'kuanula ikamaliza. Yaikuluyo ndiye nyumba yosungiramo matumba, ndipo ndi imeneyo imene imadzaza. Koma 32 GB yolembedwayo si yonse ya wogula, chifukwa Android yeniyeniyo pamodzi ndi mapulogalamu obwera ndi foni amakhala atatenga kale chipinda chachikulu, ndipo ena mwa iwo sachotseka. Masiku ano kwabweranso manambala ngati 4+4 GB, amene ogulitsa ena amawatchula monyadira kuti 8 GB. 4 yachiwiriyo si RAM yeniyeni, koma malo obwereka ku nyumba yosungiramo ija, kotero kuti thandala likakula nyumba imachepa.

Pambuyo pa tsoka la achemwali ndinakhala pansi ndi foni yanga, imenenso inali itayamba kudandaula, kuti ndione chenicheni chimene chimadya malo. Kale ndinkachita zimene ambiri amachita, kufufuta ma SMS akale ndi manambala a anthu amene ndinasiya kuyankhula nawo, osadziwa kuti ndikutunga madzi ndi lichero. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 zokha, ndipo vidiyo imodzi ya 10 MB imadya malo amene angakwane ma SMS oposa 50,000. Uthenga wa mawu wa mphindi yathunthu pa WhatsApp sufika ngakhale 1 MB, ndiye kuti mawu onse a alamu anga a zaka zitatu aja ankakhala m'kangodya kakang'ono ka foniyo, osapanikiza aliyense. Chimene chimadya malo ndi mavidiyo. Ena ndi ojambula tokha pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa Eid, ndipo mphindi imodzi yojambulidwa mooneka bwino kwambiri, pa mlingo wotchedwa 1080p, ikhoza kupitirira 100 MB. Koma ochuluka kwambiri ndi amene amatipeza m'magulu.

Ndinawerenga magulu a WhatsApp amene ndilimo: la aphunzitsi a pasukulu pathu, la zoni, la mpingo, la banki m'khonde, la abale a kwa bambo, la abale a kwa mayi, la amene tinaphunzira limodzi kukoleji, ndi ena angapo amene sindikumbukira n'komwe kuti anandilowetsamo ndani. Kuyambira 2022 gulu limodzi likhoza kukhala ndi anthu 1,024, ndipo zikuoneka kuti aliyense wa iwo amadzuka ndi kanthu kotumiza. Kusanache zithunzi za maluwa zofunira tsiku labwino zafika kale, kenako maulaliki athunthu, nthabwala, ngozi za pamsewu, mankhwala ochiza matenda onse, ndi nyimbo imene munthu waikonda yekha koma akufuna kuti tonse tiimve. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mavidiyo a matope a ku Chilobwe anandifika kuchokera mbali zonse, ena ali omwewo koma odulidwa mosiyana, ndipo pa kampeni ya chisankho cha mu Sepitembala 2025 zinali chimodzimodzi. Masamu ake ndi a sitandade 5: munthu akamatsitsa mavidiyo 20 patsiku, iliyonse ya 10 MB, ndiye kuti 200 MB patsiku, 6 GB pamwezi, ndipo foni ya 32 GB singamalize theka la chaka isanayambe kulira. Bandulo yotsitsira zonsezo timalipira ndife olandira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, Akonzi. Zimene zimadzaza mafoni athu ndi katundu wa eni amene sitinamupemphe, koma zimene timataya pofuna malo ndi zathu zenizeni, zimene palibe angatibwezere. Vidiyo ya nthabwala ili m'mafoni a anthu miyandamiyanda, ndipo ikatayika mawa wina aitumizanso. Mawu a munthu amene anagona kumanda anali m'foni imodzi yokha.

Ntchito yoyamba ndi kutseka chitseko. Mmene WhatsApp imabwerera, zithunzi zimalowa zokha pa bandulo, ndipo foni ikangolumikizidwa ku Wi-Fi, mavidiyo ndi zina zonse zimakhuthukiramo popanda kufunsa. Zimenezi zimasinthidwa polowa pa Settings, kenako Storage and data, pamene pali mutu woti Media auto-download. Pamenepo munthu amachotsa zizindikiro zonse, kuti chilichonse chizidikira pakhomo mpaka mwini foni atachiitana. Mauthenga a mawu amapitirizabe kulowa okha, choncho palibe chifukwa choopera kuti mawu a m'bale ali kutali aphonyedwa. Chotsalacho ndi chala chathu, ndipo ndivomere kuti changa ndi chimene chinali chovuta kwambiri kuchilamulira, chifukwa vidiyo iliyonse yophimbika imaoneka ngati ili ndi nkhani yaikulu m'kati. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndinaphunzira kufunsa kaye kuti watumiza ndani ndipo walembapo chiyani, ndipo vidiyo yopanda mawu oifotokoza ndimaisiya pomwepo.

Ntchito yachiwiri ndi kupeta zimene zinalowa kale, ndipo chida chake chili m'foni mwathu momwemo kuyambira mu Novembala 2020, pamene WhatsApp inakonzanso gawo lotchedwa Manage storage. Limapezeka pa Storage and data pomwepo. Likatseguka limaonetsa malo amene WhatsApp yadya, kenako mulu wa zinthu zimene zazungulira m'manja ambiri, wolembedwa kuti Forwarded many times, ndi mulu wina wa zinthu zoposa 5 MB, ndipo m'munsi mwake limandandalika magulu ndi anthu kuyambira wodya malo ambiri mpaka wodya ochepa. Ine ndinachita manyazi kuona kuti gulu limene linali pamwamba pa onse ndi limene sindinalembepo kanthu kwa chaka chathunthu. Masana a Loweruka limodzi, nditakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinachotsa zinthu zokwana pafupifupi 9 GB popanda kutaya chithunzi ngakhale chimodzi cha ana anga, ndipo uthenga wodandaula uja unazimiririka. Chenjezo langa ndi lakuti musasankhe zonse pakamodzi n'kufufuta mutatsinzina. Mu mulu wa zinthu zikuluzikulu munali nthabwala zambiri, koma munalinso vidiyo ya mayi athu akuvina pa ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo ndikanakhala waphuma ikanapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziwaninso kuti vidiyo imene mwajambula nokha n'kuitumiza kwa wina imakhala kawiri m'foni, pakuti WhatsApp imasunga kope lake m'foda yotchedwa Sent imene sioneka pamene timaonera zithunzi.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu akayamba ntchitoyi. Choyamba, mafoni ambiri a masiku ano akafufuta chithunzi kapena vidiyo sataya nthawi yomweyo, koma amaika m'dzala lotchedwa Trash kapena Recycle bin, mmene chimakhala pafupifupi masiku 30 chisanachoke. Chimenechi ndi chifundo kwa wofufuta molakwitsa, koma malo sabwerera mpaka dzalalo litakhuthulidwa, ndipo n'chifukwa chake ena amafufuta tsiku lonse foni n'kumadandaulabe. Chachiwiri ndi choopsa kwambiri. Munthu akalowa pa Settings ya foni, n'kusankha Apps, n'kutsegula pulogalamu iliyonse, amapeza mabatani awiri oyandikana, lina la Clear cache, lina la Clear data kapena Clear storage. Loyambalo limangochotsa zinyenyeswa zimene mapulogalamu monga Facebook, TikTok ndi Chrome amasunga kuti azitseguka msanga, ndipo palibe chimene chimatayika, ngakhale kuti zinyenyeswazo zimabwereranso pakapita masiku. Lachiwirilo limabwezeretsa pulogalamuyo pa tsiku limene inalowa m'foni, ndipo likadinidwa pa WhatsApp ndi kufulasha kwakung'ono. Mabatani awiriwa amasiyana ndi liwu limodzi la Chingerezi, ndipo ndaonapo ana athu, amene timawakhulupirira kuti amadziwa mafoni, akudina lachiwirilo m'mafoni a agogo awo mosaganizira n'komwe.

Za mapulogalamu amene amalonjeza kuyeretsa ndi kuthamangitsa foni sindichedwapo. Ambiri mwa iwo amadya okha malo, batire ndi bandulo poonetsa malonda, ndipo amaopseza munthu ndi mitundu yofiira kuti aziwatsegula pafupipafupi. Wofuna chothandizira agwiritse ntchito Files by Google, imene inatuluka mu 2017 ndi dzina loti Files Go ndipo imapezeka kale m'mafoni ambiri otsika mtengo; imaonetsa mafayilo obwereza, akuluakulu, ndi mapulogalamu amene sanatsegulidwe kwa nthawi yaitali. Mwa otsirizawa mumapezeka masewera amene ana anaika foni ili pa tchaja, ndi mafilimu athunthu omasuliridwa m'Chichewa amene tinakaikitsa kwa anyamata oika nyimbo kapena tinalandira pa Xender, n'kuwaonera kamodzi kokha. Filimu imodzi yotere imadya malo a zithunzi mazanamazana. Amene foni yawo ndi yaing'ono angachitenso bwino kugwiritsa ntchito Facebook Lite, imene inakonzedwa mu 2015 poganizira mafoni ngati athuwa, m'malo mwa Facebook yaikulu.

Ambiri amati mankhwala ake ndi memole khadi, ndipo n'zoona kuti imathandiza, makamaka posunga nyimbo, mafilimu ndi zithunzi za kamera. Koma m'misika muli makhadi abodza, olembedwa 64 GB kapena 128 GB pamene malo ake enieni ndi ochepa kwambiri. Khadi yotere imanamiza foni, imalandira chilichonse popanda kukana, koma malo enieniwo akatha zinthu zimayamba kuonongeka mwakachetechete, ndipo mwini wake amadzazindikira tsiku limene akufuna kuonetsa alendo zithunzi za ukwati. Khadi yotchipa modabwitsa iyenera kukayikiridwa, ndipo njira yoiyesera ndi kuidzaza ndi mavidiyo osafunika, kenako n'kutsegula oyamba, apakati ndi otsiriza, musanaikhulupirire ndi chinthu chamtengo wapatali. Mafoni ena, kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, amafunsa ngati khadi ikhale yonyamulika kapena ikhale mbali ya foni. Wosankha chachiwiricho adziwe kuti khadiyo imamangirizidwa ku foni imeneyo yokha, siwerengeka mu ina, ndipo foniyo ikafa kapena ikafulashidwa zinthu za pakhadi zimafera limodzi. Ngakhale khadi yabwino, ikakhala m'kati mwa foni, imapita kumene foni yapita. Kuno kunyanja mafoni amagwera m'madzi pokwera bwato, amabedwa pamsika ndi m'maminibasi, ndipo kutentha kwa mu Okutobala sikuwachitira chifundo. Chinthu chimene munthu sangapirire kuchitaya chiyenera kukhala malo awiri osiyana, ena m'foni, ena pa khadi kapena fulashi imene ili m'sutikesi kunyumba.

Malo achitatu ndi ku intaneti. Akaunti iliyonse ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere, imene Gmail, Google Drive ndi Google Photos zimagawana. Kale Google Photos inkalandira zithunzi popanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 Juni 2021, ndipo kuyambira 2024 zosunga za WhatsApp pa Android zimawerengedwanso mu 15 GB yomweyo. Kwa ife ogula mabandulo a tsiku limodzi pa Airtel kapena TNM, kukweza zinthu zonse za m'foni ku intaneti ndi maloto, ndipo sindikulangiza munthu kutero. Koma mauthenga olemba ndi a mawu ndi opepuka, ndipo pa Chat backup, gawo la WhatsApp losungira mauthenga ku intaneti, pali batani la Include videos limene likazimitsidwa katundu wolemera amatsala. Zithunzi zingapo zosankhidwa, chithunzi cha chiphaso cha unzika, masatifiketi ndi masamba a buku la banki m'khonde, zimenezi zikhoza kukwezedwa ndi bandulo yaing'ono. Apanso pali msampha: wofufuta chithunzi ali m'kati mwa Google Photos amachifufuta m'foni ndi ku intaneti komwe, ndipo batani loyenera ndi la Free up space, limene limachotsa m'foni zokhazo zimene zafika kale ku akaunti. Ndiwonjezere kuti ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba sizikhala m'foni, choncho kudzaza kapena kufulasha sikuzikhudza. Chimene chimatayika ndi ma SMS otsimikizira kuti wakuti anatumiza zingati tsiku lakuti, amene pa geni ndiwo mboni. Achemwali anakangana ndi kasitomala mmodzi wa ku Limbe pa matumba awiri chifukwa cha mboni zotayika zimenezi, ndipo pamapeto pake anangomusiya.

Tsono ndili ndi mawu kwa anzanga a m'magulu. Kutumiza vidiyo ku gulu la anthu 200 kuli ngati kutula mtolo pakhomo la aliyense wa iwo, ndipo ambiri mwa makomo amenewo ndi aang'ono. Amene ali ku South Africa kapena m'tauni, okhala ndi mafoni a 128 GB ndi Wi-Fi yapantchito, akumbukire kuti mayi awo a ku Katuli kapena ku Makanjira ali ndi foni yakale imene iwo omwe anaisiya. Moni wolemba ndi dzanja, ngakhale wa mawu atatu, amasangalatsa kuposa duwa lozungulira dziko lonse. Oyang'anira magulu a nthabwala ndi nkhani akhoza kuyatsa Disappearing messages, imene imafufuta mauthenga pakapita maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, koma asayerekeze kutero pa gulu la banki m'khonde, la chipereganyu kapena la zopereka za maliro, kumene uthenga wa miyezi isanu yapitayo ndi umene umathetsa mkangano.

Kwa anyamata athu okonza mafoni, amene ambiri anadziphunzitsa okha ntchitoyi ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha luso lawo, pempho langa ndi lakuti musanafulashe foni ya munthu muzimuuza momveka, m'chiyankhulo chake, kuti zonse za m'kati zipita, ndipo muzimufunsa ngati muli chinthu chimene sangachipezenso kwina ndiponso ngati akudziwa akaunti yake. Kukopera zithunzi ndi mawu pa kompyuta kapena pa khadi musanayambe ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndikukhulupirira kuti makasitomala angalipire mokondwa akamvetsa chimene akulipirira. Foni yongodzaza muzingoipungula, ngakhale ndalama yake ikhale yocheperapo. Eni mafoni nawonso azichotsa memole khadi ndi simu asanasiye foni m'manja mwa munthu wina, chifukwa zithunzi za m'nyumba si za aliyense.

Inunso Akonzi, pamodzi ndi wailesi za m'boma muno monga Dzimwe ndi Radio Maria, muli ndi gawo lanu. Mafoniwa amayankhula Chingerezi, pamene eni ake ambiri kuno amayankhula Chichewa ndi Chiyao, ndipo mwaona nokha mmene ndavutikira m'kalatayi kutchula mabatani ndi mayina achilendo chifukwa ndi mmene alembedwera pagalasi. Danga laling'ono m'nyuzipepala, kapena mphindi khumi pawailesi sabata iliyonse, zomasulira mauthenga amene foni imaonetsa ndi chimene batani lililonse limachita, zingafike kwa amayi a geni ndi asodzi amene sadzapita ku maphunziro a makompyuta. Timaphunzitsa anthu kusunga chimanga kuti chisafumbwe ndi anankafumbwe. Kusunga za m'foni sitinayambe n'komwe kuphunzitsana.

Za achemwali, tinayesa njira imodzi yotsala. Tinaimbira abale ndi anzawo a malemu alamu, kuno ndi ku Johannesburg, kufunsa ngati wina akadali ndi uthenga wa mawu wochokera kwa iwo. Ambiri anali atasintha mafoni kapena kufulasha ngati ife, koma mng'ono wawo anapeza umodzi, wa masekondi 40, mmene alamu akumuuza kuti akafunse mtengo wa matumba a simenti kuboma ndipo asaiwale kupatsa moni alamu ake ndi ana. Anatitumizira, ndipo ndinaukopera pa khadi yatsopano imene ndinaiyesa kaye, pa fulashi imene ili m'sutikesi ya achemwali, ndi ku akaunti imene pasiwedi yake yalembedwa kuchikuto cha buku lawo la nyimbo. Nditayang'ana kukula kwake, sunafike ngakhale theka la 1 MB.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kupulayimale,
Mangochi.